Nyimbo ndi imodzi, nanga zimbale zachulukiranji?

Pa ntchito yanga yophunzitsa nyimbo ndi kuthandiza pojambula, funso limene silisowa ndi ili: ngati Mozart anapeka concerto ya clarinet imodzi yokha, zimbale za nyimbo yomweyo zachulukiranji? Yankho langa n'lakuti pepala la wopeka silimaliza nkhani. Limasiya mafunso, ndipo chimbale chilichonse ndi yankho la anthu amene anachijambula. Mukawadziwa mafunsowo, makutu anu amatseguka.

Concerto ndi nyimbo imene woimba mmodzi amayankhizana ndi gulu lonse la zoimbira. M'nthawi ya Mozart inkakhala ndi zigawo zitatu: chothamanga, chodekha, ndi chomaliza chansangala. Vayolini ndi piyano ndizo zinkapatsidwa ulemu umenewu kawirikawiri. Clarinet inali idakali yachilendo m'magulu ambiri, pomwe viola ankaiona ngati yongodzaza nyimbo. Zida ziwirizi zimakoma kwambiri pa mawu apakatikati. Amene anaimbapo kwaya akudziwa za alto: popanda iye nyimbo imapepuka, koma kuti amveke payekha anzake ayenera kumupatsa mpata. Kukoma ndi kuvuta kwa zimbalezi kwagona pamenepa.

Funso loyamba n'lakuti woimba agwira chida chiti. Mozart anamaliza concerto yake, K. 622, mu Okutobala 1791, ndipo anamwalira pa 5 Disembala chaka chomwecho. Anapekera mnzake Anton Stadler, amene anali ndi clarinet yapadera, yotalikirapo. Clarinet wamba ikamatsika imathera pa mi, koma ya Stadler inkapitirira mpaka pa do wapansi. Lero timaitcha basset clarinet. Mapepala amene Mozart analemba ndi dzanja lake anasowa. Amene anasindikizidwa cha m'ma 1801 anali okonzedwa kuti akwane pa clarinet wamba, moti paliponse pamene nyimbo inatsikitsitsa, wokonzayo anaikweza. Kwa zaka zoposa 150 anthu ankamva nyimbo yokwezedwayo. Ndi imene ili pa chimbale cha Reginald Kell cha 1940, ndiponso pa cha Benny Goodman, katswiri wa jazz uja, chimene anajambula ndi Boston Symphony Orchestra mu 1956.

Pambuyo pake amisiri anayamba kupanganso basset clarinet, ndipo oimba monga Thea King, Antony Pay ndi Sabine Meyer anajambula nayo. Mu 1992 wofufuza Pamela Poulin anapeza ku Riga pepala lolengeza za kuimba kwa Stadler mumzindawo mu 1794, lili ndi chithunzi cha chidacho, ndipo amisiri anadziwa maonekedwe ake enieni. Kusiyana kwake kumamveka ngakhale kwa munthu wosaphunzira nyimbo. Pa clarinet wamba, mzere umene ukutsika umaduka mwadzidzidzi n'kudumphira pamwamba. Pa basset umatsika mpaka kumapeto, ndipo mawu apansi amayankha apamwamba momveka bwino. Koma popeza mapepala a Mozart kulibe, woimba aliyense amasankha yekha malo oyenera kutsitsa. N'chifukwa chake ngakhale zimbale ziwiri za basset sizifanana.

Pali magulu ena amene amapita patali n'kuimba ndi zida zopangidwa monga zinkakhalira m'zaka za m'ma 1790. Academy of Ancient Music, motsogozedwa ndi Christopher Hogwood, ndi gulu lotere, ndipo ndi limene linaimba ndi Antony Pay. Clarinet za nthawiyo zinali za mtengo woyererako ndipo zambiri zinali ndi mabatani asanu okha. Nsambo za vayolini ndi viola zinali za matumbo a nkhosa. Magulu otere amachuna zida zawo motsikirapo: mawu amene onse amachunirapo amanjenjemera maulendo 430 pa sekondi, pomwe magulu amakono amayambira pa 440. Zotsatira zake ndi mawu ofewa, osasalala mofanana paliponse, amene amapatsa chida chapakatikati danga loti chimveke.

Viola ili ndi mafunso akeake. Mozart ankakonda kuimba viola, ndipo mu 1779 anapeka Sinfonia Concertante, K. 364, ya vayolini ndi viola. Podziwa kuti viola imamizidwa msanga, analamula kuti nsambo zake zikungidwe mokwera pang'ono, mtunda wa mi ndi fa, kuti iwale. Oimba ambiri lero satsatira zimenezi, ena amatsatira, ndipo kabuku ka chimbale chabwino kamanena. Ma concerto a viola a Carl Stamitz ndi Franz Anton Hoffmeister ndi amene woimba viola amafunsidwa kawirikawiri akamayesedwa ntchito m'magulu akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America. M'nyimbozi muli malo amene gulu lonse limakhala chete, woimba n'kutsala yekha kuonetsa luso lake. Malowa timawatcha cadenza, ndipo oimba amasankha yopekedwa ndi akatswiri ena kapena kupeka yawo. Pamenepo mumamva nzeru za woimbayo, osati zala zake zokha. Clarinet ndi viola n'zapachibale ndithu pa mawu, moti mu 1802 kampani yosindikiza ya André inatulutsa concerto ya clarinet ya Mozart ija itakonzedwera viola.

Funso lomaliza limayankhidwa ndi ife a kuseri kwa galasi la mu situdiyo: maikolofoni ikhale pati? Ikayandikira kwambiri, mumamva mpweya wa woimba clarinet, kugunda kwa mabatani, ndi kukhula kwa uta pa nsambo za viola, ndipo chidacho chimakula kuposa gulu lonse. Ikatalikira, viola imasowa pakati pa mavayolini. Ine ndimakhulupirira kuti chimbale chabwino ndi chimene chimalola woimba wamkulu kulowa m'gulu ndi kutulukamonso, chifukwa ndi mmene nyimbozi zinapekedwera. Dziwaninso kuti zimbale zambiri za mu situdiyo zimalumikizidwa kuchokera ku maulendo angapo oimba. Kumeneku si kunamiza anthu, ndi ntchito yaluso, koma chimbale chojambulidwa anthu akuonerera chimakhala ndi moyo wina umene kulumikiza sikungabweretse.

Yesani nokha. Pa intaneti pezani chigawo chachiwiri cha K. 622, chimene ambiri anachimva mu filimu ya Out of Africa ya 1985. Chimvetsereni kawiri motsatizana, koyamba pa clarinet wamba, kachiwiri pa basset. Dzifunseni kuti ndani akuthamanga, ndani akupuma nthawi yabwino, ndipo gulu likumveka patali bwanji. Chimene mwakonda mukhoza kuchiikira kumbuyo popanda satifiketi ya nyimbo.

Mukatero musaime pa Mozart. Bernhard Crusell wa ku Finland anasiya ma concerto atatu a clarinet, ndipo wachiwiri ndi amene Emma Johnson anapambana naye mpikisano wa oimba achinyamata wa BBC mu 1984. Carl Maria von Weber anapeka awiri mu 1811, kupekera Heinrich Baermann. Franz Krommer ali nawonso ake, ndipo Johann Nepomuk Hummel anapekera viola Potpourri mu 1820. Zambiri mwa nyimbozi siziimbidwa kawirikawiri m'maholo, ngakhale ku Vienna kwenikweniko. Zimene zazisunga zamoyo ndi zimbale, ndipo chifukwa cha zimbalezo munthu wokhala kulikonse akhoza kuzidziwa bwino mofanana ndi amene ali ndi tikiti ya mpando wakutsogolo.