Mwala wa m'ketulo

Ana inu, suzumirani m'ketulo ya amayi. Mwaziona zoyera zokakamira pansi pakezo? Umenewo ndi mwala, ndipo unabwera ndi madzi.

Mbali yaikulu ya Lusaka, monga Kanyama, Chawama ndi George, inakhala pa thanthwe la laimu. Madzi a mvula akamalowa pansi amasungunula thanthweli pang'onopang'ono n'kulitenga. Mukawiritsa madziwo, kamwala kaja kamatsalira m'ketulo. Thanthwe lomweli ndi limene limavutitsa abambo pokumba chimbudzi ku Kanyama: piki isanapite patali, yagunda kale mwala.

Komatu mwala umenewu ndi chuma. Ku Chilanga, pamsewu wopita ku Kafue, kuli fakitale ya simenti, ndipo kampani yake inakhazikitsidwa mu 1949. Kumeneko amaphwanya mwala wa laimu, kuusakaniza ndi dothi, n'kuuwotcha m'ng'anjo yaitali yozungulira mpaka kutentha kufike madigiri pafupifupi 1,450. Madzi a tiyi amawira pa madigiri pafupifupi 100 chabe! Zotuluka m'ng'anjomo ndi timibulu tolimba totuwa. Amatipera pamodzi ndi mwala wina wofewa, jipisamu, woletsa simenti kuuma womanga asanamalize kupaka. Simenti ya ku Chilanga inathandiza kumanga damu la Kariba, lomwe linatha mu 1959. Magetsi ochokera kumeneko akafika m'nyumba mwanu amadutsa m'mawaya a mkuwa, ndipo mkuwa umachokeranso m'miyala, ngati imene amakumba ku Chingola ndi ku Kitwe.

Simenti payokha simanga nyumba, imafuna mchenga ndi miyala yophwanya. Mukamadutsa ku Kalingalinga mudzaona amayi atakhala pambali pa msewu, hamala ili m'manja, akuswa miyala n'kuiunjika milumilu. Ntchito imeneyi ndi yowawa, fumbi limalowa m'chifuwa, ndipo ine ndimawalemekeza kwambiri amayi amenewa. Maziko a nyumba zambiri za m'komboni anadutsa m'manja mwawo.

Mwala wa laimu umagwiranso ntchito zina. Ukawotchedwa umakhala njereza yopaka khoma. Alimi amauwaza m'munda nthaka ikachuluka asidi, ndipo ufa wake umapezeka m'mankhwala ena otsukira mano.

Yesani izi kunyumba. Tolani kamwala koyera kapena kotuwa pabwalo, osati kumaenje okumbamo miyala, chifukwa madzi a m'menemo ndi akuya. Kakandeni ndi msomali kuti katulutse ufa, kenaka dontheziranipo viniga. Mukaona tithovu tikutuluka, mwagwira mwala wa laimu.