Mbande za chamba ku Nkhotakota: zomveka ndi zoona zake

Nkhotakota idatchuka kale kunja ndi chamba chimene amachitcha Malawi Gold. Koma chamba chololedwa, cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndi ulimi wachilendo kwa ambiri kunyanja kuno, ndipo mbewu yake ndi yodula. M'mera mpoyamba: mlimi akalakwitsa pa nazale, ndalama zimapita mbande zisanafike n'kumunda komwe.

Chikhulupiriro: Boma lidaloleza chamba, ndiye aliyense angathe kufesa m'nyumba mwake.

Zoona: Lamulo limene Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2020 limalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso cha bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Cha m'mafakitale sichiyenera kupitirira 1 peresenti ya THC, mankhwala amene amaledzeretsa aja. Kusuta n'koletsedwabe, ndipo mbande ya m'chubu yopanda chiphaso ndi mlandu ngakhale itabisika kuchipinda.

Chikhulupiriro: Alimi a ku Ulaya amayambira m'nyumba ndi magetsi, ifenso tizitero.

Zoona: Anzathuwo amathawa chisanu chimene chimapha mbande, ife chisanu chotere tilibe. Vuto lathu ndi kutalika kwa usana. Chamba chimayamba maluwa usiku ukatalika. Ku Ulaya nthawi yotentha dzuwa limatha maola 15 kapena 16 lisanalowe, pamene ku Nkhotakota usana sufika maola 13 ngakhale mu Disembala, ndipo mu Juni umangopitirira pang'ono maola 11. Mbande ya mtundu wakunja yoleredwa pa magetsi a maola 18, ikatulutsidwa panja imamva ngati nyengo yatha. Imafulumira kuchita maluwa isanakule, zokolola n'kuchepa. Chamba chamakolo chimatalika bwino chifukwa chidazolowera usana wathu. N'chifukwa chake mitundu yakunja idayamba yayesedwa kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze lamulo lisanabwere. Musanagule mbewu, funsani ngati idayesedwa m'dziko muno.

Chikhulupiriro: Mbande imakula msanga ukaithirira kwambiri.

Zoona: Kunyanja kumatentha ndipo mpweya umakhala wa chinyontho. M'shedi yotsekeka, dothi likamangokhala lonyowa, nkhungu imagwira tsinde m'munsi, mbande n'kugwa zambiri tsiku limodzi. Machubu akhale oboola pansi, dothi likhale losakaniza ndi mchenga ndi manyowa owolerana, mphepo izidutsa. Thirirani m'mawa, pamwamba pa dothi pakayamba kuuma. Mbande yosowa kuwala nayo imangotalika, yowonda ndi yofooka.

Chikhulupiriro: Mbande ikakhalitsa pa nazale ndiye imalimba.

Zoona: Chamba chili ndi muzu waukulu wolunjika pansi. Ukafika pansi pa chubu umayamba kuzungulira, ndipo mbewu yotere imapinimbira. Masabata atatu kapena anayi amakwana. Pookera musagwedeze dothi la kumizu.

Chikhulupiriro: Mvula ikangogwa, nyamulani mbande kupita nazo kumunda.

Zoona: Amene adalimapo fodya amadziwa kukhwimitsa mbande, ndipo chamba chimafuna zomwezo. Kwa sabata imodzi kapena kuposerapo, muzizitulutsa padzuwa la m'mawa, tsiku lililonse n'kumawonjezera nthawi, uku mukuchepetsa madzi. Yochoka mumthunzi n'kukumana ndi dzuwa la Novembala imapsa masamba. Okerani madzulo kapena kukachita mitambo. Madambo a mpunga a m'mbali mwa mitsinje ya Bua ndi Kaombe asiyireni mpunga, chifukwa mizu ya chamba imawola m'madzi odikha. Olima mothirira nthawi ya mwera atchinge munda ndi mpanda wa udzu kuti mphepo isathyole mbande zanthete.

Mlimi wa ku Nkhotakota ali ndi dzuwa, madzi ndi luso la nazale. Atsogoze chiphaso, asankhe mbewu yogwirizana ndi usana wathu, ndipo malangizo olembedwera mayiko ozizira awayese kaye ndi nyengo ya kunyanja asanawonongerepo ndalama.