Golide amene sikelo singamudziwe mtengo

Ku Shikabeta, dera la Asoli m'boma la Rufunsa, golide sachita kumumvera pa wailesi. Anthu amakumba, kuphwanya miyala ndi kusefa dothi m'mabeseni mpaka pansi patatsala timchenga tachikasu. Wogula akafika amatulutsa kasikelo ka m'thumba, awerenga magalamu, malonda n'kuthera pomwepo. Mu 2020 kampani ya ZCCM-IH inayamba kugula golide kwa okumba a ku Rufunsa, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho Bank of Zambia inayamba kusunga golide wa m'dziko muno m'nkhokwe zake.

Koma pali golide wina amene wozolowera sikelo angamugulitse motchipa osadziwa: ndalama zakale zosulidwa ndi golide.

Yodziwika kwambiri kuno kum'mwera kwa Africa ndi paundi ya Angerezi yotchedwa sovereign. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna opita ku migodi ya ku Joni ankalandira malipiro m'mapaundi amenewa, ena n'kubwera nawo kumudzi. Imodzi imalemera magalamu 7.98, ndipo golide weniweni mmenemo ndi magalamu 7.32. Zambiri zinasulidwa miyandamiyanda, choncho mtengo wake sutalikirana ndi wa golide ali m'katimo. Komabe pa zimene zinasulidwa ku Pretoria kuyambira 1923 mpaka 1932, zokhala ndi tizilembo ta SA, za 1923 ndi 1924 zinali zochepa zedi. Pa sikelo zonse n'chimodzimodzi, koma kwa osonkhanitsa ndalama zakale, zaka ziwirizi zimaposa zinzake kutalitali.

Nkhondo nazo zinasiya ndalama zosowa. Mu 1902 Maburu, atalandidwa Pretoria, anasula mapaundi 986 okha ku Pilgrim's Rest ndi zipangizo zongopekera kutchire. Mu 1916 Ajeremani, atatsekeredwa ku Tanganyika, anasula ku Tabora ndalama ya marupiya 15 yokhala ndi chithunzi cha njovu, pogwiritsa ntchito golide wa ku mgodi wa Sekenke. Golide wake ndi magawo atatu okha mwa anayi, koma lero imagulidwa pamtengo woposa kulemera kwake. Asilikali a Ajeremaniwo anadzatula zida ku Abercorn, kumene tsopano ndi ku Mbala, pa 25 Novembala 1918.

Katswiri akapatsidwa ndalama yotere amayamba waona chaka, kachilembo ka malo amene inasulidwira, ndi kuchuluka kwa zinzake. Kenaka amatenga kagalasi kokuza zinthu n'kuyang'ana tsitsi ndi ndevu za mfumu yojambulidwa pa ndalamayo, timizere ta m'mbali, ndi pamene zala za anthu zinaperesa. Apa ndi pamene ambiri amadziwonongera okha. Wina amaikwecha ndi phulusa kuti iwale, wina amaiboola kuti ikhale ya mkanda, wina amaipala ndi tupa pofuna kutsimikiza. Chipsera chilichonse chimagwetsa mtengo, ndipo yosungunulidwa imangosanduka magalamu wamba.

Zachinyengo ziliponso. Mu Ogasiti 2023, pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda ku Lusaka, ndege yochokera ku Cairo inagwidwa ndi zitsulo zolemera makilogalamu 127 zooneka ngati golide. Zitayezedwa zinapezeka kuti mbali yaikulu ndi mkuwa ndi zinki. Maginito sathandiza kwenikweni, chifukwa sagwira golide, sagwiranso mkuwa. Chothandiza ndi kuyeza kulemera pamodzi ndi kukula: sovereign yeniyeni ndi mamilimita 22 m'mimba mwake, ndipo ya mkuwa yokula choncho imapepuka, ikafuna kulemera mofanana imanenepa.

Zopezeka m'nthaka zili ndi lamulo lake. Ku Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene Lusitu amathira mu Zambezi, ogwira ntchito anatulukira manda mu 1960, ndipo ofukula anapezamo mikanda ya golide ndi mitanda ya mkuwa imene inkayenda pa malonda akale. Chikhala kuti zinasungunulidwa, mbiri ya amalonda amenewo ikanapita nazo. Lamulo la 1989 limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission limateteza zinthu zakale zopangidwa chisanafike chaka cha 1924, ndipo wokumba wa ku Shikabeta akagunda zotere ndi khasu lake, ayenera kudziwitsa bungweli asanaganize za wogula.