Minofu inde, koma zipere ayi!

Masiku ano m'matauni mwathu, kuyambira ku Ndirande ndi ku Bangwe mpaka ku Kawale ndi ku Area 25, majimu angoti mbwee. Ena ndi a makina apamwamba, ena ndi a kuseri kwa nyumba komwe anyamata amanyamula zitsulo za galimoto zakutha ndi simenti youmbira m'zitini. Ambiri a inu amalonda, a kaunjika, a nyama ndi okazinga tchipisi, mukaweruka pamsika mumathamangira komweko. Ine sinditsutsa ayi, thupi limafunika kulilimbitsa. Koma ndalama mumalipira ija mukugula minofu yokha, kapena ndi matenda omwe?

Taganizani abale anga, benchi ndi imodzi, uyu wagonapo wopanda malaya, wadzukapo thukuta lili noninoni, winanso wagonapo osapukuta. Tizilombo toyambitsa zipere ndi linyetsu timakonda malo otere, ofunda komanso a chinyezi. Tina totchedwa Staphylococcus timalowera pa kachilonda kapena pa thuza lobwera ndi chitsulo, mapeto ake ndi zithupsa. Mphere nazo zimatha kuyenda ndi thaulo lobwerekana. Za Edzi musade nkhawa, thukuta silipatsira kachilombo ka HIV.

Kwa wamalonda nkhaniyi ndi ya ndalamanso. Kasitomala uti angagule mandasi kwa munthu wa chithupsa kudzanja? Komanso tizilombo ta m'chithupsa tikagwera m'chakudya timasanzitsa ndi kutsegula m'mimba odya.

Tsono eni majimu tamverani. Yambani mwatsuka benchi ndi mphasa ndi sopo, chifukwa mankhwala sagwira bwino pa litsiro. Kenako pukutani ndi madzi a Jik. Ngati pa botolo alemba 3.5%, thirani kapu imodzi ya Jik m'makapu 34 a madzi, ndipo malowo akhale onyowa kwa mphindi imodzi kapena kuposera apo. Pomwe padonthera magazi, kapu imodzi m'makapu 6. Sungunulani watsopano tsiku lililonse poti mphamvu yake imatha msanga, ndipo osamusakaniza ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi, amatulutsa mpweya wapoizoni. Jik amachititsa dzimbiri, choncho zitsulo muzipukuta ndi sipiriti wa 70%. Benchi yong'ambika ikutireni, siponji yoonekera imamwa thukuta. Mawindo akhale otsegula.

Osaiwalanso madzi akumwa ndi chimbudzi. Kolera yomwe inabuka mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Jimu ya ndowa yosavundikira, kapu imodzi ya aliyense, pakhomo pa chimbudzi popanda sopo, ikuputa tsoka lomwelo.

Nanunso mamembala musamangoloza chala eni ake. Bwerani ndi thaulo lanulanu ndi botolo lanu la madzi. Kubafa valani patapata. Chilonda chimangeni, ndipo ngati muli ndi chipere kapena chithupsa, kaonaneni ndi achipatala kaye, zitsulo sizithawa. Zovala zochitira jimu zichapeni tsiku lomwelo, osazisiya m'jumbo mpaka mawa.

Pamsika kasitomala sagula tomato asanamuyang'ane. Inunso musanapereke ndalama ya pamwezi, pemphani kuti muone kubafa ndi kuchimbudzi, funsani kuti amapukuta kangati patsiku. Mwini wake akayamba kukalipa kapena kuzemba funsolo, ndalama yanu ibwerere m'thumba, majimu ndi ambiri m'tauni muno.