Khutu lotuluka mafinya limagonthetsa ana

METANGULA — M'midzi ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Lago, kuyambira ku Meluluca, Metangula, Messumba mpaka ku Cobué, si chachilendo kuona mwana akusewera pagombe uku ntchentche zikumuzungulira kukhutu. Makolo ambiri amangoti ndi matenda a ana, adzasiya akadzakula. Koma a zaumoyo akuchenjeza kuti khutu lotuluka mafinya likalekereredwa limagonthetsa mwana, ndipo nthawi zina limatha kutenga moyo.

Khutu lili ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi chimene chimaoneka kunjachi pamodzi ndi una wake. Kumapeto kwa unawo kuli kachikopa kopyapyala kokungika ngati ng'oma, kamene kamanjenjemera mawu akafika. Kuseri kwake kuli kachipinda ka mpweya momwe muli tifupa titatu, tating'ono kuposa mafupa onse a m'thupi. Tifupati timapititsa kunjenjemera kuja m'chigawo chachitatu, chopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo kuchokera m'menemo mtsempha umatengera uthenga ku ubongo.

Vuto limayambira m'kachipinda kapakati kaja. Pali kanjira kochokera kuseri kwa mphuno kolowa m'menemo, ndipo mwa ana kanjirako n'kakafupi. Mwana akadwala chimfine kapena chikuku, tizilombo timakwera mosavuta, mafinya n'kudzadza. Ndiye chifukwa chake mwana amalira usiku wonse akugwira khutu. Mafinya akachuluka amaboola kachikopa kaja n'kutuluka, ululu n'kuchepa. Apa ndi pamene makolo ambiri amanyengeka poganiza kuti mwana wachira, pomwe khutu latsala lobooka. Akamira m'nyanja madzi amalowa pa bowolo ndipo matenda amayambiranso.

Kukula kwa vutoli kunaoneka pa kafukufuku amene anachitika kutsidya kwa nyanja, m'dziko la Malawi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2017. M'boma la Chikwawa madokotala anayeza ana a zaka 4 mpaka 6 ndipo anapeza kuti ana 5 mwa 100 alionse anali ndi khutu lotuluka mafinya kwa nthawi yaitali, pomwe pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi sankamva bwino. Mmodzi mwa amene anachita kafukufukuyu ndi Dr Wakisa Mulwafu, dokotala wa makutu, mphuno ndi kukhosi wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Kafukufuku wina wa chaka chomwecho anaonetsa kuti mwa ana 150 a m'boma la Thyolo amene anauzidwa kuti apite ku chipatala cha Queen Elizabeth, ana 5 okha ndi amene anakafika. Makolo anatchula kutalika kwa mtunda, kusowa ndalama zoyendera, mantha ndiponso kusamvetsa bwino zimene anauzidwa. Thyolo ndi boma loyandikana ndi Blantyre. Nanga kuli bwanji kholo la ku Lago, poti kuchoka pa Metangula kukafika ku chipatala chachikulu cha Lichinga ndi ulendo wa makilomita oposa 100, ndipo wa ku Cobué ayambe wafika kaye pa Metangula?

Akuluakulu anati mmera m'poyamba. Khutu likangoyamba kuwawa kapena kutuluka mafinya, mwana apite naye msanga ku chipatala chapafupi, kumene matendawa amachizika asanafike pofuna ulendo wa ku Lichinga. Mafinya akatha masiku 14 akutuluka, a chipatala amati matenda akhazikika. Pamenepo amapereka mankhwala odonthezera ndipo amaphunzitsa kholo kuumitsa khutu katatu pa tsiku: kupota kansalu koyera, kukalowetsa pang'ono m'khutu, kukachotsa kakanyowa, n'kuikanso kena mpaka khutu litauma. Mankhwala amadonthezedwa khutu litauma, chifukwa pa mafinya sagwira ntchito. Mwana wotere asamire m'nyanja kufikira a chipatala atanena kuti bowo latsekeka.

Mwana amene watupa kuseri kwa khutu, amene watentha thupi kwambiri, wauma khosi kapena akukomoka, asagone naye pakhomo. Zimenezi zikusonyeza kuti matenda alowa m'fupa kapena ayandikira ubongo.

A zaumoyo akuletsanso kuthira m'khutu mafuta ophikira, madzi a masamba, mkaka wa m'mawere kapena palafini, pakuti khutu likakhala lobooka zinthuzi zimafika mkati n'kuonjezera vuto. Kutokosa ndi nthenga, kamtengo ka machesi kapena udzu kumalasa kachikopa kaja, ndipo khofi la pakhutu nalo limakaboola. Phula la m'khutu si uve. Limateteza khutu ndipo limatuluka lokha.

Palinso zina zimene zimagonthetsa, monga chikuku, matenda oumitsa khosi, malungo aakulu ndi phokoso la tsiku ndi tsiku la pa chigayo kapena la injini ya boti. Katemera wa ana ndi kugona m'masikito zimatetezanso makutu. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2021 kuti ana 34 miliyoni ali ndi vuto lalikulu la kumva, ndipo pa ana 10 alionse amene sakumva bwino, 6 vuto lawo likanapeweka. Bungweli linapatula tsiku la 3 Malichi chaka chilichonse kuti anthu azikumbutsana za makutu.

Mwana wosamva bwino kawirikawiri amanamiziridwa mwano kapena umbuli. Akaitanidwa satembenuka, amachedwa kuyankhula, ndipo m'kalasi amatsalira anzake mpaka ena amasiya sukulu. Aphunzitsi akupemphedwa kukhazika mwana wotere kutsogolo, kuyankhula akumuyang'ana ndiponso kudziwitsa makolo ake. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti pamodzi ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi nawo akupemphedwa kukumbutsa makolo pa misonkhano yawo kuti mwana wa khutu lotuluka mafinya azipita naye ku chipatala sabata yomweyo.