Mabungwe a Ubale m'Masukulu Akuru a ku America

Mnyamata wa ku America akatsiriza sukulu ya sekondale, ali ndi zaka ngati 18, kawiri-kawiri amacoka kwao kunka ku yunivesiti yakutali. Kumeneko apeza ophunzira zikwi-zikwi, ndipo mwa onsewo palibe ndi mmodzi yemwe womdziwa dzina. Munthu amene anafikapo pa komboni ya mgodi atasenza kabokosi kace, nayamba kufunsa kumene akhala anthu a kwao, audziwa bwino mtima wa mnyamata ameneyu. Kusiyana kwace nkwakuti wa ku mgodi afunafuna anzace obadwira dera limodzi, pamene wophunzirayo amacita kudzipezera abale mwa kulowa bungwe.

Bungwe la amuna lichedwa fraternity, la akazi sorority. Maina onse awiri acokera ku Cilatini, m'mene frater ndiye mbale wamwamuna, soror mbale wamkazi. Pafupifupi bungwe liri lonse lidziwika ndi zilembo ziwiri kapena zitatu za Cigriki. Mwambo umenewu unayamba pa 5 December 1776, pamene ophunzira asanu a pa College of William and Mary, ku Virginia, anayambitsa Phi Beta Kappa, nakhazika lumbiro ndi kagwiridwe ka canza kodziwa iwo okha. Lero bungwelo lingolandira okhoza bwino maphunziro. Koma Kappa Alpha, loyambika pa Union College mu 1825, ndilo linaonetsa njira imene ambiri atsata kufikira tsopano. Asungwana anayamba lao mu 1851 ku Macon, m'dera la Georgia.

Kalowedwe kace nkotere. Poyamba caka, ofuna kulowa amayenda nyumba ndi nyumba, kuceza ndi eni ace. Alendo atacoka, eni nyumba akhala upo nasankha amene awakonda. Wosankhidwayo sakhala mbale pomwepo ai. Ayamba wayesedwa masabata angapo, naphunzira mbiri, nyimbo ndi malamulo a bungwe, ndipo ampatsa mkuru mmodzi womsunga monga mng'ono wace. Potsiriza alumbira m'cipinda cotseka, nabvala kacizindikiro pa cifuwa.

Zopindula zace nzooneka. M'mayunivesiti ambiri bungwe liri ndi nyumba yace yaikuru, zilembo zija zitapacikidwa pamwamba pa khomo. Abale agona momwemo, nadyera pamodzi. Asankha okha mtsogoleri, mlembi ndi msungi wa ndarama, motero aphunzira kuyendetsa msonkhano akali anyamata. Asonkha ndarama za odwala ndi osauka. Ndipo ubalewo sutha potha maphunziro: mbale wakale amene ali pa nchito yabwino amakumbukira mng'ono wa bungwe lace pakaoneka malo. Koma zonsezi ziri ndi mtengo, pakuti mbale alipira msonkho temu iri yonse, ndipo mwana wa mmphawi kawiri-kawiri angoyang'anira kunja.

Pali cinthu cimodzi cimene mlendo sangacione msanga. Mabungwe akuru a asungwana saloleza mowa m'nyumba zao. Cotero madansi a mowa amacitikira ku nyumba za anyamata, ndipo anyamatawo ndiwo aima pa khomo, kulola uyu ndi kubweza uyo, ndiwonso atunga cakumwa. Lamulo limene analiika kuti licinjirize asungwana lapereka mphamvu ya zoceza za usiku m'manja mwa amuna, ndipo madandaulo a asungwana ocitidwa cipongwe m'nyumba zotere samveka kamodzi kokha.

Khomo lolandira ena ndilo lomwe litsekera ena. Kwa zaka zambiri mabungwe ocuruka analemba m'malamulo ao kuti munthu wakuda kapena Myuda asalowe. Mu 1948 nthambi ya Phi Kappa Psi pa Amherst College inasankha mnyamata wakuda, ndipo akuru a bungwelo anaicotsa nthambiyo m'gulu lao. Koma ophunzira akuda sanakhale pansi kudikira cifundo. Pa 4 December 1906, anyamata asanu ndi awiri a pa Cornell University, amene anali owerengeka pakati pa Azungu, anayambitsa Alpha Phi Alpha kuti azilimbikitsana asasiye sukulu. Pa Howard University, m'mzinda wa Washington, asungwana anayambitsa Alpha Kappa Alpha mu 1908. Mu 1913 asungwana 22 a pomwepo anayambitsa Delta Sigma Theta, ndipo m'mwezi wa March caka comweco anayenda nao pa ligubo la akazi ofuna ufulu wa kuvota. Phi Beta Sigma linabadwa pa Howard pomwepo mu 1914. Mabungwe akuru a anthu akuda alipo asanu ndi anai tsopano.

Maina a anthu oturuka m'mabungwe amenewa ngodziwika. Thurgood Marshall, amene anapambana mlandu wa 1954 wothetsa tsankho m'masukulu a boma, nakhala woweruza wakuda woyamba m'bwalo lalikuru la dzikolo mu 1967, anali wa Alpha Phi Alpha. Momwemonso Martin Luther King. Kwame Nkrumah, amene anafika pa Lincoln University ku Pennsylvania mu 1935 ali mlendo wosowa ndarama, analowa Phi Beta Sigma, bungwe lomwenso la Nnamdi Azikiwe wa ku Nigeria. Kamala Harris, waciwiri kwa Purezidenti wa America kuyambira 2021 kufikira 2025, analowa Alpha Kappa Alpha ali pa Howard. Nzoona kuti si bungwe limene linawapatsa nzeru zao. Koma linawapatsa anthu owacha mbale m'malo amene ena sanafune ngakhale kudya nao.

Cocititsa manyazi mabungwe onse, a Azungu ndi a akuda omwe, ndico nkhanza za pa nthawi ya kuyesedwa. Ena amenyedwa ndi thabwa, ena aletsedwa tulo, ena akakamizidwa kumwa mowa waukali kufikira kukomoka. Ndipo wocitiridwa caka cino ndiye adzacitira mnzace caka camawa, nanena kuti ndiwo mwambo. Mu 1990 mabungwe a anthu akuda anapangana kuleka kayesedwe kakaleko, koma m'malo ena kanangolowa m'tseri. Mu February 2017 mnyamata wa zaka 19 pa Pennsylvania State University anamwetsedwa mowa wambiri usiku wa kulandiridwa kwace, nagwa pa makwerero. Amene anati adzakhala abale ace anakhala pafupifupi maora 12 asanaitane thandizo, ndipo mnyamatayo anafera m'cipatala. Makolo ace, pamodzi ndi makolo ena oferedwa motero, anayenda m'masukulu ndi m'nyumba za malamulo zaka zingapo. Mu December 2024 Purezidenti Joe Biden anasaina lamulo lakuti yunivesiti iri yonse yolandira thandizo la ndarama za boma iziwerenga milandu ya nkhanza zotere, ndi kulengeza poyera dzina la bungwe lopezeka ndi mlandu, kuti mnyamata ndi makolo ace alione asanagogode pa khomo.