Cakudya ca pakhomo sicikwera thiraki

Alimi anzanga, tsiku lina mudzaime m'mbali mwa mseu wa Great East pa Katete, muwerenge mathiraki. Ena atenga cimanga cathu kupita naco ku Lusaka, ena akubwera ndi ufa wa m'matumba ndi maapozi a ku South Africa. Kucokera ku Johannesburg kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 1,500, kuonjezapo oposa 500 kuti afike ku Chipata. Njira yonseyi dizilo ikupsa, ndipo utsi wake uli ndi mpweya wa kaboni umene umafunda dziko ngati bulangeti, kutentha n'kumakula, mvula n'kumasokonekera.

Zowawa zake tinazilawa mu 2024. Pa 29 February, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga ca mahekitala pafupifupi 1 miliyoni cinapserera, madzi anacepa ku Kariba, magetsi n'kumazima tsiku lathunthu. Utsi wambiri ndi wa maiko olemera, inde, koma amene anagona ndi njala ndife.

Ndisakunamizeni: thiraki si wolakwa wamkulu. Pa mpweya wonse wocokera ku cakudya, wa pamseu ndi wocepa. Woculuka umacokera ku kugwetsa nkhalango, ku ng'ombe ndi ku fetelaiza. Urea amaipanga ndi gasi m'mafakitale, yambiri imaoloka nyanja kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Beira, ndipo ikathiridwa m'munda imatulutsanso mpweya wina wotenthetsa dziko. Cimanga ca pakhomo colimidwa potentha nkhalango yatsopano siciposa ca m'sitolo.

Apa ndipo zakudya za makolo zimapambana. Nshawa, nyemba, khobwe ndi nyamundolo zimadzipangira cakudya ca m'nthaka, n'kusiyako cina ca cimanga ca caka camawa. Cinangwa ndi kandolo zimapirira dzuwa. Mtengo wa msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero cimanga ca pansi pake cimapeza manyowa popanda mthunzi.

Cimene cimandimvetsa cisoni ndi ana athu. Mgaiwa wa pa cigayo akuti ndi wa osauka, cibwabwa cotendera akucinyoza, akufuna soseji ya m'firiji. Amai anga ankafutsa ndiwo mu April, n'kuziyanika pa mphasa, ndipo mfutso umenewo tinkadya mpaka October wopanda firiji kapena dontho la dizilo. Amene muli ndi khobwe m'munda, masamba ake musawasiyire mbuzi caka cino.